Ulendo wa ku Chipata

Zinayambira pa WhatsApp, kumene nkhani za ife opuma pantchito zimabadwira ndi kufera. Mnzathu wa ku Matero, amene tinamusankha utcheyamani chifukwa foni yake yokha ndiyo sigona ndi njala, analemba kuti: "A Fomu 5 ya 1978, tiyeni tikaone aphunzitsi athu a masamu akadali moyo. Ali ku Chipata."

Gulu lonse linadzaza tizithunzi ta misozi ndi manja opemphera. Aliyense anakumbukira kuti ankawakonda kwambiri, ngakhale aja amene chikoti cha aphunzitsiwo chinkawagonetsa chafufumimba. Tsiku tinasankha la 5 Okutobala, la aphunzitsi padziko lonse, ndipo malonjezo anagwa ngati mvula ya ku Kanyama. Mkulu wina amene ankagwira ntchito ku Zambia Airways, ndipo chitsekereni kampaniyo mu 1994 amayankhulabe ngati ndege ikumudikira panja, analonjeza K2,000. Kwa msungichuma, mayi wa ku Chawama, kunafika K50 ndi mawu akuti zotsalazo penshoni ikatuluka. Wina anatikumbutsa kuti iye kale ankapereka miliyoni osaphethira, kuiwala dala kuti mu 2013 kwacha inadulidwa maziro atatu.

Komabe ndondomeko inapangidwa: basi ya m'mamawa pa Intercity, makilomita oposa 500 a Great East Road, nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa. Mayina 31 analembedwa.

Kenako mnzathu wowotcherera zitseko ku Kalingalinga, amene kusukulu ankagwira mchira chaka ndi chaka, anatumiza uthenga wa mawu, makina akulira kumbuyo. "Chipata iti kodi? Aphunzitsi ali konkuno, m'komboni ya Chipata kufupi ndi Mandevu, kwa mwana wawo wamkazi. Chaka chachisanu ndi chiwiri chino. Geti lawo ndinawaikira ndine."

Pagulupo panangoti zii. Chikondi chimene chinali chokonzeka kuoloka Luangwa chinalephera kukwera minibasi. Ena mawondo anawayamba, ena maliro a kuchipongozi anawagwera mwadzidzidzi. Zinadziwika kuti ambiri ankafuna kukaona kumudzi pa thumba la gulu, n'kubwerako ndi mtedza. Tinatsala anthu 9.

Tinafika masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ife tili m'masuti a salaula onunkha m'sutikesi. Podikira kuti aphunzitsi adzuke, tinayamba kufunsana za anzathu. Nkhani za pamsinkhu wathu sizivuta: uyu shuga, uyu BP, uyu akusunga adzukulu asanu amene makolo awo amangotumiza moni. Ukafunsa za uja ankakhala pawindo, yankho ndi lakuti, "Tinamuika ku Chingwere." Wofunsayo amagwedeza mutu mwachisoni, koma mumtima akudziwerengera kuti iye akadali olimba.

Tcheyamani anatiimiritsa kuti tikhale chete pokumbukira amene anatisiya, nayamba kuwerenga mayina. Atangofika pa dzina lachinayi, geti linalira, mwini dzinalo n'kulowa, matope a chaka chatha ali kunsapato, tambala m'khwapa. Sanamwalire ayi. Foni anamubera pa Soweto Market, ndipo munthu akasowa pagulu miyezi itatu ife timamuika. Atamva nkhaniyo sanakwiye. Anangofunsa ngati chipepeso chinasonkhedwa, ndipo ngati chinasonkhedwa, chili ndi yani.

Aphunzitsi anatuluka ndi ndodo, atachepa thupi koma maso ali omwe aja. Tonse, agogo a anthu, tinaima njo, manja kumbuyo. Tcheyamani anayankhula nthawi yaitali za mmene masamu anamukwezera pantchito, za nyumba yake ya malata atsopano, za mwana wake wa ku London. Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa, "Iwe paja ndiwe mwana wa yani?" Koma wa zitseko uja anamuitana ndi dzina, n'kumuuza kuti geti layambanso kukhula pansi.

Mphatso zinali bulangete, m'mwezi umene ngakhale chitenje chimalemera, ndi wotchi ya pakhoma yopanda batire. Anathokoza bwino ndithu. Tsoka ndi lakuti tcheyamani, pofuna kuonetsa kuti zonse zinayenda poyera, anawapatsanso pepala la zopereka ndi zogula.

Aphunzitsi anavala magalasi, natuma mdzukulu kuti akatenge cholembera chofiira. Anatsika ndi mzere wa manambala, milomo ikugwedera, nakweranso. Tambala uja analira pansi pa mpando.

"Apa pakusowa K300," anatero. "Bwera kuno, iwe. Undionetse mmene wapezera yankho."