Ndine nkhoswe wa akazi awiri a mfuti ya bwana

Randi ikagwa, anthu amamvera chisoni eni mabizinesi akuluakulu. Ine palibe amandikumbukira, mwana wa ku Dedza amene ndikugwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire kuno ku Limpopo. Zipolopolo zochokera kunja zitakwera mtengo, bwana wanga analumbira kuti ogulitsa mfuti asiya kumudyera. Kale ankatola zigoba za zipolopolo zomwe waombera, n'kuthiramo wonga watsopano, n'kukhomerapo mutu wogula kusitolo. Tsopano mituyo akuumba yekha. Amakapempha kwa okonza matayala timitovu tija amamata m'malimu, n'kudzatisungunula m'kampoto kuseri kwa galaja.

Walira mvula walira matope. Mfuti yake ya .303, imene inaona nkhondo ya Hitler ndi maso ake, inangopezeka ili pamitala. Ndipo mitala yopanda nkhoswe sikhala. Nkhosweyo ndine.

Mkazi wamkulu ndi NaMtovu, woumbidwa pakhomo pano, wofewa, wodzola mafuta m'chiuno, woyenda modekha pa mamita pafupifupi 500 pa sekondi. Ndiye mwini banja kuyambira makedzana. Wamng'ono ndi NaMkuwa, amene anabwera mu 1882 pamene Eduard Rubin wa ku Switzerland anaganiza zoveka chipolopolo jekete. Ameneyu amathamanga kupitirira mamita 700 pa sekondi, ndipo amayenda monyada. Mukamuvula jeketeyo mupeza mkati mwake muli mtovu womwewo. Ndi pachibale anthuwa, n'chifukwa chake udani wawo ndi wosaneneka.

Nyumba ndi imodzi, mpope wa mfuti, ndipo amagonamo mosinthana. Loweruka lowombera zitini ndi la NaMtovu, poti ndi wotchipa. Nyengo yozizira ikafika, bwana akafuna ngoma kapena njiri, amaitana NaMkuwa. Vuto ndi lakuti aliyense akamatuluka amasiyamo katundu.

NaMkuwa amapaka utoto wake wopyapyala m'tingalande topotana ta mumpopemo. NaMtovu akaupeza sapirira. Thupi lake limakhulika pamenepo n'kusiya nyenyeswa, chipolopolo chachiwiri chimawonjezera pa zoyambazo, ndipo posakhalitsa china chikugwera kumanzere kwa chitini, china chikupita kukapereka moni kwa aneba. Apo bwana amakuwa: “Malawi! Bwera ndi ndodo!” Dzina langa lenileni analisunga pamalo abwino, sanalitulutsepo.

Lamulo la mfuti la kuno, la m'chaka cha 2000, silindilola kukhala ndi mfuti, choncho mlandu ndimaweruza bwana ataima pambali, bawuti ya mfutiyo ili m'thumba mwake. Ndodo ndimalowetsera kumbuyo, osati kukamwa kwa mpope, chifukwa mukangokanda mlomowo banja lonse latha. Ndimanyika kansanza m'mankhwala a amoniya, onunkha moti ntchentche zimapempha tchuthi, n'kukakankha mpaka katulukire kutsogolo. Kakatuluka kabuluu, ndiye kuti NaMkuwa akadali m'nyumba. Botolo limati mankhwalawo asakhalitsemo kupitirira mphindi 15, ndiye ndimapukuta, n'kuyambiranso. Kabuluu. Ndiyambirenso. Kabuluu kotuwirako. Mayiyu amatsanzika ngati mlendo woti wamva fungo la ndiwo. Burashi nayo iyenera kukhala ya nayiloni, chifukwa ya buronzi ili ndi mkuwa womwewo m'magazi, ndipo imadetsa kansanza ngakhale mpope utayera kale. Pa mlandu wa banja simuitana mlongo wa mkazi kuti akhale mboni.

Kutulutsa NaMtovu ndi nkhondo ina. Ameneyu mankhwala aja samumva, amafuna kukokedwa. Timatenga kawaya kokwechera mapoto, kamkuwa weniweni, n'kusolola tizingwe take n'kukulunga pa burashi yakutha. Tisanatero timakayesa ndi maginito. Kakamatirira, ndiye kuti ndi chitsulo chongodzola mkuwa kunja, ndipo chingakande mpope. Mukakwecha bwino, pa nyuzipepala pamagwa tizidutswa tonyezimira. Ndimatiyang'ana ndi chisoni: mkazi wamkulu akutulutsidwa m'nyumba ndi abale ake a mkazi wamng'ono.

Mzungu wa famu yoyandikana nafe amatiseka. Iye akuti palibe chifukwa chovutikira, ungoombera zipolopolo zajekete zingapo, mtovu wonse uchoka wokha. Ndinayankha mwaulemu, chipewa chili m'manja: “Bwana, kwathu mkazi wamng'ono satumidwa kukasesa kuchipinda kwa wamkulu.” Zimene amachita NaMkuwa n'kupondereza mtovu wina m'tingalande muja n'kupakapo utoto wake pamwamba. Ndipo ngati mtovuwo wachuluka, njira imachepa, mphamvu ya wonga imakwera, pamene tsaya la munthu lagona pafupi penipeni ndi bawuti. Mzunguyo anangoti ndimayankhula kwambiri. Unkhoswe ndi ntchito yosayamikika kulikonse.

Tsono imvani mathero a mlandu. Msana wauma, tinsanza tadzaza ndowa, mpope ukuwala. Bwana amausuzumira, n'kugwedeza mutu mokhutira, kenaka n'kunena kuti mpope woyera kwambiri suwombera molunjika. Amapita kuseri n'kuwombera zipolopolo zingapo m'chulu kuti audetsenso pang'ono, mkazi wolowayo azolowere nyumba. Ndalama zimene tinkapulumutsa zija zinathera m'mankhwala, maburashi, ndodo yatsopano ndi kakamera kokhala kunsonga ya waya kosuzumira nako mumpope. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kakamera kameneko ndiye kamandiwawa. Kachidutswa ka mtovu kochepa ngati nsabwe kakaoneka mumpope, pa famu pano sipagonedwa. Koma mtovuwo ukamasungunuka, moto utapitirira madigiri 327, amene amaima pa kampoto kaja n'kumayengula zinyalala zoyandama pamwamba ndani? Amene amasesa fumbi lake m'galaja, n'kukadya nsima ndi manja omwewo ndani? A bungwe la WHO amanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wosavulaza. Abale athu a ku Kabwe ku Zambia akudziwa bwino: mgodi unatsekedwa mu 1994, koma ana akudwalabe ndi dothi lomwe amaseweretsa. Mtovu m'thupi sukuwa. Umadya mutu, impso ndi mitsempha mwakachetechete, ndipo palibe kansanza kamene mungakankhe m'mitsempha ya munthu. Kuyeza magazi kulipo, sikufuna ndege. Munthu amene angathe kugulira chitsulo kamera angathenso kuyezetsa wantchito wake.

Ndinalimba mtima n'kumuuza zimenezi bwana, mawu ndikuwasankha ngati mpunga. Anakhala chete, n'kunena kuti ndayankhula zanzeru. Atabwerako kutauni anandiponyera bokosi la magolovesi. Mtima wanga unasungunuka pa madigiri ochepa kwambiri. Ndikuti ndithokoze, iye anawonjezera: “Uzivala nthawi zonse, Malawi. Thukuta la m'manja mwako likuchititsa dzimbiri mfuti yanga.”