Bata nalo lakwera mtengo

Kumene ndimachita lendi ku Area 25, kumanzere kuli bala, kumanja kuli tchalitchi cha mapemphero ochezera, ndipo ndikukhulupirira kuti masipika awo anagula kwa munthu mmodzi. Tsono adokotala atandiuza kuti BP yanga ikufuna bata, ndinafunsa ngati limapezeka ku famase. Anati ayi, pitani kunyanja.

Ndinagula tenti pa kaunjika, yobooka pang'ono padenga, n'kukwera basi yodzera ku Salima ndi Nkhotakota, kuwoloka Dwambazi mpaka pa Chintheche. Ndinali nditamva kuti kumeneko azungu amagona pansi mwadala n'kumati ali pa holide. Ine kugona pansi ndinayamba ndili khanda, ndiye pa masewera amenewa sindimaopa munthu.

Pageti la loji ina mlonda anandiyang'ana kuyambira ku patapata mpaka ku chipewa.

"Bwana, pokhoma tenti ndi madola 10 usiku umodzi."

"Achimwene, tenti ndi yanga, mphasa ndi yanga, msana ndi wanga. Ndilipira chiyani?"

"Bata, bwana."

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinkadziwa kuti shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinatisiya pansi, koma zoti bata nalo timaitanitsa kunja sindinkazidziwa. Ndinapempha la theka. Ndinapempha la kajumbo, ngati ufa wa wokumani. Ndinafunsa ngati mzungu wa dzulo sanasiyeko mkute. Mlonda, munthu waulemu komanso wotchena ngati mmene alili Atonga, anati chotsika mtengo chimene akuchidziwa dera limenelo ndi batala, nsomba ija, koma nayonso masiku ano yayamba kudzimva.

Ndinasenza tenti yanga kulowera kummwera mpaka ku Bandawe wakale. Apa ndi pomwe Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia anasamukira mu 1881 pothawa malungo a ku Cape Maclear. Malungowo anawalondola, ndipo mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe. Amene anatsalira agona pamanda apafupi ndi tchalitchi chakale, m'bata la zaka zoposa 100, osalipira ngakhale tambala. Malowo ndinawakonda, koma ndondomeko yolowera ndinaona kuti ndiyambe ndakambirana ndi mayi a kunyumba.

Dzuwa likulowa ndinapeza kampata pakati pa mipanda iwiri, kotsikira kumchenga woyera ngati ufa woyera. Popanda geti, popanda mlonda. Ndinakhoma tenti ndikuseka ndekha ngati munthu amene waba bata la madola 10.

Bata laulere lili ngati nsapato za pa kaunjika, umazindikira utavala. Kutangoda, asodzi a usipa anayatsa nyali zawo panyanja, injini za maboti n'kuyamba kutsokomola. Kenako panabwera udzudzu, adzukulu a uja unathamangitsa Laws, ukulowera pabowo la padenga mmodzimmodzi ngati pamzere wa mafuta. Pakati pausiku mwera unadzuka n'kuyamba kukangana nane kuti mwini tenti ndani. Ndinagona chogwira nsanamira, ndikuwerengera kuti pa madola 10 aja mwina ndapezako bata la masenti 30.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi kulira kwa mapoto. Amayi anali atandizungulira, akukwecha ziwiya ndi mchenga. Agogo ena anandiyang'ana mwachisoni.

"Pepani ada. Madzi anakukokololerani kuti?"

Kwathu kuno munthu wa m'tenti ndi wa madzi osefukira kapena wa pamaliro. Ndinayesa kufotokoza za holide, koma agogo anangopukusa mutu n'kutuma mwana kukatenga kondowole ndi usipa. Ndinati yewo, ndinadya, ndipo kondowoleyo anakhala m'mimba ngati mwala wa maziko.

Ndikunyambita zala m'pamene ndinazindikira kuti tenti yanga ndaikhoma pakati panjira. Kampata kaja, kosakwana ngolo, ndi komwe anthu a m'midzi ya kumtunda amadutsa pokatunga madzi, pokachapa ndi pokakocheza mabwato. Kwinako ndi mipanda yokhayokha. Bata limene akugulitsa kuseri kwa mipandayo amalipanga pochotsapo agogowa, omwe anabadwira pamchenga womwewo, ndipo amene amasaina mapepala a malo amenewa sanasenzepo ndowa pamutu kuzungulira mpanda wa munthu.

Ndinazula tenti mwamanyazi, n'kuisiyira mdzukulu wa agogo kuti aziyanikirapo usipa.

Nditafika ku Area 25, mayi a kunyumba anali atazindikira kale kuti ndalama ya basi ndi tenti ndinatapa pa ya feteleza. Lero ndi tsiku lachinayi asakundiyankhula. M'nyumba muli zii, ndipo mpaka pano sananditchaje ngakhale dola imodzi.