Mtanda umodzi wa mgaiwa

(Ndi Loweruka masana m'mwezi wa Julaye, pakhonde la agogo kwa Chisepo. Mdzukulu wawo wa ku Area 25 ku Lilongwe wangotsika pa njinga yamoto yomwe anakwera pa Mponela. Agogo akufukula m'jumbo yomwe wabweretsa.)

AGOGO: Sopo ndamuona, machesi ndawaona. Nanga shuga ali kuti, mwamuna wanga?

MDZUKULU: Shuga sindinagule, agogo. Ndakutengerani tiyi wobiriwira uyu. Amamwa wopanda shuga.

AGOGO: Mayo ine, ukwati watha basi! Kuchoka ku Lilongwe konse kuja kudzandipatsa masamba owawa? Tatembenuka ndikuone. Ee, koma thupi lokha ndiye labwera! Khosi lachita kupindika pawiri. Wakabaza uja ndamuona akukankha njinga pachitunda.

MDZUKULU: Wandilipiritsa za anthu awiri. Nkhani yake ndi imeneyo, agogo. Kuchipatala anandiyeza, anapeza makilogalamu 98. Adokotala akuti munthu wa msinkhu wangawu, mita imodzi ndi masentimita 70, asamapitirire 72. BP yakwera, ndipo akuti matenda a shuga sali patali.

AGOGO: 98? Ndiye kuti wakwana belo la fodya. Malemu agogo ako aamuna akanakusokerera m'chiguduli n'kupita nawe ku okushoni ku Kanengo, tikanagula malata. Tasamba m'manja. Ndakuphera tambala, nsima ndi ya ufa woyera mbee, mitanda isanu ndi yako.

MDZUKULU: Ndidya umodzi wokha, wofanana ndi chibakera changa. Ndipo ndikanakonda ukanakhala wa mgaiwa.

AGOGO: Tsitsa mawu, anthu angamve. Mlendo kumupatsa mgaiwa? Mgaiwa tinaudya pa njala ya 2002, pamene kukonola kunali kutaya chakudya. Ufa uwu ndinachita kukonola, kupeta, mphale kuiviika m'madzi masiku atatu, kuyanika, kukagayitsa, kuyanikanso padzuwa. Msana uwu ukudziwa.

MDZUKULU: Ndipo pa ntchito yonseyo m'pamene zabwino zimachokera. M'khungu la chimanga ndi m'kamtima kake ndi momwe muli mavitamini ndi zothandiza m'mimba. Zikachoka zimenezo umatsala ufa wongodzaza mimba, umene umasanduka shuga msanga m'magazi, njala n'kubweranso msanga. Gaga wake munapatsa yani?

AGOGO: Nkhumba.

MDZUKULU: Mwaonatu!

AGOGO: Ndaona. Nkhumbayo yanenepa mpaka ikulephera kudzuka. Ndiye iwe ukufuna kuonda ndi chakudya chimene chanenepetsa nkhumba yanga?

MDZUKULU: Ayi, si choncho... Nkhumba imamaliza chidebe chonse, kenako n'kugona tsiku lonse.

AGOGO: Nanga iwe kuntchito kwako umatani?

MDZUKULU: Ndimakhala pampando.

AGOGO: Mpaka nthawi yanji?

MDZUKULU: Mpaka faifi.

AGOGO: Pitiriza, ndikumva. Umadya chiyani pampandopo?

MDZUKULU: M'mawa tiyi ndi mandasi atatu. Masana tchipisi chapachiwaya, kanyenya pang'ono ndi botolo la chozizira. Nthawi zina awiri. Madzulo nsima. Botolo limodzi lija muli shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono 8, koma munthu sumumva, amangotsetsereka pakhosi.

AGOGO: Ndiye wanenepera pachiwaya cha eni ake, mlandu ukudzaupereka kwa nsima yanga. Amalume ako amamaliza mitanda isanu ndi umodzi, koma nthiti mpaka lero zimawerengeka, chifukwa nsimayo amakaisiya ku dimba ndi khasu. Chipepala ukutulutsacho n'chachiyani?

MDZUKULU: Anandipatsa kuchipatala. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Loyamba...

AGOGO: Zokhutitsa, zamasamba, za nyemba, za nyama, zipatso, zamafuta. Pinda chipepala chako. Zimenezo alangizi azaumoyo amatiimbitsa kusikelo ndikapita ndi ana a mng'ono wako. Koma kumeneko amati ana adye anenepe, asapinimbire. Lero boma lomwelo likuti muonde? Lisankhe chimodzi.

MDZUKULU: Zonse ziwiri n'zoona, agogo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Yemweyo anapezanso kuti amayi 21 pa 100 alionse anali onenepa mopitirira muyezo, ndipo m'tauni anali 36. Nyumba imodzi, mwana sakukula, mayi ake miyendo ikutupa. Nsima yambiri, ndiwo yongonyambita. Pachipepalapa akuti theka la mbale likhale masamba, nsima ikhale pakona.

AGOGO: Masamba okha ndiye usandiphunzitse. Ona chikwatu chiri padengacho, ndi mfutso wa nkhwani, ndinafutsa mu Malichi. Umatapa manja awiri, kuviika m'madzi kuti ufewe ndi mchenga utsike, n'kuwiritsa. Ukafewa umadulira matimati awiri, n'kuthira nsinjiro pamwamba osatakasa. Uvundikire, nsinjiro ipse ndi nthunzi, ikapanda kupsa imatsegula m'mimba. Kenako m'pamene umatakasa ndi mthiko. Mafuta a m'botolo safika m'menemo.

MDZUKULU: Dikirani ndilembe pafoni. Nsinjiro yochuluka bwanji?

AGOGO: Mpaka mtima ukuuze.

MDZUKULU: Mtima wanga ndi umene wandifikitsa pa 98. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo mafuta amanenepetsa kuwirikiza kawiri kuposa ufa wolemera chimodzimodzi. Ndilemba dzanja limodzi.

AGOGO: Lemba dzanja langa, lakolo ndi fosholo. Ndipo mtedzawo uzisankha, wachuku uzitaya. Ukatero uthire mchere ndi chidulo pang'ono kuti masamba afewe msanga.

MDZUKULU: Apo ndiye ayi. Chidulo ndi soda zimapha mavitamini m'masamba. Mumafutsa bwino, kusunga bwino, n'kudzaononga pamoto. Mcherenso, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu asafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Inu mumathira m'mphika, n'kubweranso ndi wina pakambale.

AGOGO: Therere lopanda chidulo unalionapo kuti? Bungwe limenelo linadyapo therere?

MDZUKULU: Therere ndikusiyirani. Koma timapilitsi tiri pawindopo n'tachiyani?

AGOGO: N'ta mutu.

MDZUKULU: N'ta BP, agogo. Amayi anandiuza kuti mumakatenga pachipatala pa Chisepo mwezi ndi mwezi. Ndinu owonda, koma nanunso yakugwirani. Tiyi mumathira masupuni angati?

AGOGO: Atatu.

MDZUKULU: Agogo.

AGOGO: Wachinayi ndi wotakasira, suwerengedwa. Ndipo pawailesi ananena kuti mu shuga anaikamo vitamini A. Ine ndimamwa mankhwala.

MDZUKULU: Anaikamodi, kuti ana amene sapeza zakudya zina asadwale maso. Koma vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati ija munabzala kuseri, Kadyaubwerere. Ali m'maungu, m'mapapaya, m'bonongwe.

AGOGO: Mbatata imeneyo mawa ndikuphikira futali. Kusenda, kudula, kuwiritsa ndi madzi ochepa, nsinjiro pamwamba, n'kuphwanya ndi mthiko. Ukadya m'mawa sufunanso mandasi mpaka dzuwa lifike paliwombo. Uli mwana unkanyambita mphika. Unayamba kuukana utapita kusekondale, unkati ndi chakudya cha akumudzi.

MDZUKULU: Pano m'tauni akugulitsa zomwezo m'mapaketi. Ufa wa mgaiwa, ufa wa malambe, masamba a chammwamba ogaya. Paketi imodzi mtengo wake mungakomoke.

AGOGO: Chammwamba chija chiri kumpanda, mbuzi zikuchikana? Bwerera ndi thumba, tigawane ndalama. (Akhala chete pang'ono, akubenthula nsima.) Koma tamvera, mwana wa mwana wanga. Iwe ukuseka, unali wamng'ono. Zaka za m'ma 1990 mudzi uno tinaika anthu, achinyamata okhaokha, obwera kuchokera m'tauni atatha thupi. Kaliwondewonde. Azakhali ako anabwera pa ngolo, ndinawanyamula ndekha kuwalowetsa m'nyumba, dzanja limodzi. Kuyambira pamenepo mwana wanga akatsika basi ndimayamba kuyang'ana masaya. Ndiye iwe ukubwera ndi masaya ako abwinobwino n'kumati ukufuna kuwachotsa.

MDZUKULU: Ndamva, agogo. Koma a kwa a mfumu aja anagwa m'bafa chaka chatha, mbali imodzi n'kufa ziwalo, masaya anali nawo.

AGOGO: Amene aja anawalodza.

MDZUKULU: Anawalodza ndi mchere. Ine sindikufuna kutha thupi. Theka la kilogalamu pa sabata, pang'onopang'ono, ndikuyenda pansi kuchoka kuntchito m'malo mokwera minibasi.

AGOGO: Theka pa sabata. Kufika Seputembala ndi zingati?

MDZUKULU: Mwina makilogalamu anayi kapena asanu. Bwanji?

AGOGO: Mu Seputembala tikumanga chiliza cha agogo ako aamuna. Kubwera anthu a ku Nambuma, a ku Madisi, ndi achibale a ku Ntchisi aja amene ankati ana a m'nyumba muno sadzaphula kanthu. Gule adzatuluka, mowa udzaphikidwa. Ndikufuna udzakhale kutsogolo, pampando, malaya atakuthina, mimba iri poonekera. Chiliza chikatha uonde mmene ungafunire.

MDZUKULU: Ndiye ndiwauze adokotala kuti BP idikire anthu a ku Ntchisi?

AGOGO: Uwauze kuti ndanena ndine. Chabwino, tipangane. Iwe usiye mabotolo ako ndi chiwaya, ine ndichotsa supuni imodzi.

MDZUKULU: Ziwiri.

AGOGO: Imodzi, ndi mchere wa pakambale. Ndipo ukaonda ndithu, patsikulo udzavale majekete awiri. Tenga nthutumba iyi, ndi ya mlendo. Chikopa cha tambalacho ukuchisenderanji?

MDZUKULU: M'chikopa ndi momwe muli mafuta ambiri.

AGOGO: Bweretsa kuno, ine mano ndilibe. Ndipo mtanda wachiwiriwo ndakuona, usaubise kuseri kwa mbale ya ndiwo.