Ulemu wa Dzimbiri mu Mzinda wa Essen

Mgodi wa malasha wa Zollverein, mumzinda wa Essen ku Germany, unatsekedwa mu 1986. Pamene unkagwira ntchito, anthu a m'tauni ankaunena kuti ndi wamwaye, poti zovala zoyanikidwa zili mbee zinkaanulidwa zili mbuu. Mu 2001 bungwe la UNESCO linaulemba m'kaundula wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse, ndipo makhalidwe a anthu anasintha m'njira zinayi.

Yoyamba ikukhudza dzimbiri, lomwe tsopano lili m'magulu awiri. La pageti la munthu ndi uve, ndipo aneba amalijeda. La pazitsulo za mgodi ndi chuma cha makolo: limajambulidwa, ndipo wofuna kulipala ayenera kuyamba wapempha chilolezo.

Yachiwiri ndi ya chibale. Mgodi utatchuka, mabanja ambiri anatulukira mwadzidzidzi kuti agogo awo ankakumba malasha. Moni wa anthu a mumgodi, Glück auf, lero umamveka m'kamwa mwa anthu amene fosholo amangoidziwira pachithunzi.

Yachitatu ndi ya kalandiridwe ka alendo. Wobwera kudzacheza sapatsidwa mpata wopuma asanaonetsedwe nsanja ya Shaft 12, imene inayamba ntchito mu 1932 ndipo inkatulutsa matani 12,000 a malasha patsiku. Mwininyumba amatchula nambalayi akupukuta pachipumi ngati anawasenza yekha. Kenako onse amakwera masitepe oyenda okha kupita m'nyumba yomwe munkatsukidwira malasha, momwe muli Ruhr Museum. Apa lamulo ndi kuyenda mwakachetechete, manja kumbuyo, m'malo amene kale anthu sankamvana chifukwa cha phokoso la makina.

Yachinayi ndi ya zisangalalo. Ng'anjo zowotchera malasha zinazimitsidwa mu 1993. M'nyengo yotentha anthu amasambira pafupi nazo, m'dziwe lopangidwa ndi makontena awiri owotchereredwa pamodzi. M'nyengo yozizira amatsetsereka pa madzi oundana m'mbali mwa ng'anjo zomwezo. Wotuluka thukuta pamalopa masiku ano amakhala kuti wachita kufuna.

Ena mwa amene ankagwira ntchito mumgodimo ndiwo amaperekeza alendo. Amafotokoza za kutentha, fumbi lowononga mapapo ndi anzawo amene sanatulukemo. Alendo amagwedeza mitu mwachisoni, kujambula chithunzi chimodzi ali ndwii, china akumwetulira, n'kufunsa mwaulemu kumene kukugulitsidwa khofi.