Ndinaika Amalume pa Nambala Wani

Apongozi anga mpaka lero amauza anthu kumudzi kuti mkamwini wawo amakonza mawailesi. Ndinasiya kuwatsutsa. Tsiku limene ndinayesa kuwafotokozera ntchito yanga yeniyeni anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mwana wawo n'kumufunsa motsitsa mawu ngati ana akudya bwinobwino.

Ntchito yanga ndi kulemba nkhani za pa mawebusayiti a anthu ena, ndipo ndimazilemba m'njira yoti Google izikonde. Eni ake amaitcha SEO. Kuti mumvetse, ganizani za msika. Mayi wa tomato amene wapeza malo pafupi ndi geti amaweruka dzuwa lisanapendeke, ndalama ili pa mfundo ya chitenje. Mnzake amene anamuika kuseri kwa chimbudzi, tomato wake akongole bwanji, amabwerera naye kunyumba kukathira m'ndiwo. Pa Google tsamba loyamba ndiye pageti. Tsamba lachiwiri ndiye kuseri kwa chimbudzi, kumene kumafika okhawo amene asochera kapena amene zawathina. Ine ndimalipidwa kuti ndizikankhira dengu la munthu kufupi ndi geti, wodulitsa ziphaso asakuona.

Zinayamba ndi anyamata awiri a pa yunivesite ya Stanford ku America, Larry Page ndi Sergey Brin, amene anakhazikitsa Google mu 1998. Nzeru yawo inali ya kumudzi kwenikweni: munthu wofunika ndi amene akutchulidwa ndi anthu ambiri, makamaka ngati omutchulawo nawonso ndi otchulika. Webusayiti ina ikaika linki yoloza kwa iwe, ndiye kuti yakuvotera, ndipo voti ya a gulupu imalemera kuposa ya chidakwa cha pa bawo. Tsono anthu atazindikira kuti pali mavoti, sindikuuzani chimene chinachitika, nonse munaonapo zisankho. Anayamba kugula. Mu 2006 Google inachotsa kwa masiku angapo webusayiti ya BMW ya ku Germany chifukwa cha masamba achinyengo. Mu 2011 sitolo yaikulu ya JC Penney ku America inatsitsidwa pamwamba nyuzipepala ya New York Times itaulula kuti malinki ambirimbiri oloza kwa iyo anali okayikitsa.

Mu February chaka chomwecho Google inamasula chilombo chotchedwa Panda. Akuti ndi dzina la injiniya wawo, koma ine ndimakhulupirira kuti amene analisankha anakhalako ku Dedza, chifukwa Panda inapandadi anthu, ndipo imene inkasaka inali nkhani zopanda mutu, zopanda nzeru, zopanda phindu. Mu 2012 kunabwera Penguin, yothamangitsa ogula malinki. Ine ndinalowa ntchitoyi patapita zaka zilombozi zitamasulidwa, koma ndinaphunzirira pa vidiyo yaulere imene inajambulidwa zisanabadwe. Palibe anandiuza kuti tsobola wakale sawawa.

Kasitomala wanga woyamba ndinamupeza pa webusayiti ina ya maganyu. Anali pulambala wa mumzinda wa Leeds ku England, ndipo ankalipira masenti awiri a dola pa liwu lililonse. Anandipatsa mawu atatu amene ankafuna kuti anthu akawalemba pa Google azipeza iyeyo, amene m'ntchito muno timati keyword: "emergency plumber Leeds". Vidiyo ija inati keyword uzimubwereza, ndiye ndinamubwereza. M'nkhani ya mawu 800 anapezekamo ka 31. Mukaitembenuzira m'Chichewa inkamveka chonchi: mukufuna pulambala wachangu wa ku Leeds? Pulambala wachangu wa ku Leeds ndi pulambala wachangu amene ali ku Leeds. Bambo aja anandiyankha mwaulemu wa Angerezi, wosatukwana koma wopweteka, kuti mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri waiwerenga ndipo akufunsa ngati wolembayo ali bwino.

Anandipatsabe mwayi wina, ndipo kwa zaka ziwiri ndinali katswiri wa boiler, chinthu chimene sindinachionepo ndi maso. Kwathu madzi osamba amatenthedwa pa mbaula, m'chitini chimene kale munali mafuta ophikira. Ndinalemba nkhani yaitali yolangiza anthu zochita mapaipi akaundana ndi chisanu, ndili chifuwa pamtunda mu October ku Area 25, thukuta likudontha pa laputopu. Ndinalemba kuti mpopi ukamadontha usiku musachedwe, imbani foni. Usiku womwewo mayi a kunyumba anandidzutsa cha m'ma 3 koloko kuti mpopi wathu wayamba kudontha, tithamange ndi zigubu usanasinthe maganizo. Ku Leeds kudontha kwa mpopi ndi ngozi, kwathu ndi mwambo wa mapemphero othokoza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma sananene kuti za m'maluwazo zimatha kulipira lendi.

Bwana wanga weniweni sanali pulambalayo ayi. Anali maloboti. Pali mapulogalamu amene amawerenga nkhani yako ukamalemba n'kumayatsa timagetsi ngati ta pamsewu: kofiira, ka mtundu wa lalanje, kobiriwira. Yotchuka ndi Yoast, imene anayambitsa Joost de Valk wa ku Netherlands, ndipo imagwira ntchito pa WordPress. Palinso zikuluzikulu monga Semrush ndi Ahrefs, zimene zimakuuza mawu amene anthu akusaka kwambiri ndi amene akupikisana nawe, koma kuti uzigwiritse ntchito mokwanira umalipira madola opitirira 100 pamwezi, kutanthauza lendi yanga ndi thumba la makala pamwamba. Ine ndinatenga kena kaulere kofanana nazo, ndipo kanandilamulira kuposa mmene landilodi anandilamulirapo.

Kamafuna kuti chiganizo chisapitirire mawu 20. Ine ndinaphunzitsidwa Chingerezi ndi mphunzitsi amene chiganizo chake chimodzi chinkayamba belu litangolira n'kukathera pa buleki, ndipo ndinkanyadira kuti ndinatengera. Kaloboti kanayaka kofiira. Kamafuna keyword akhale pa mutu, m'ndime yoyamba, pa mitu ing'onoing'ono, ngakhale kuseri kwa chithunzi. Kamafuna mutu usatalike kupitirira zilembo pafupifupi 60, ndipo timawu tofotokozera timene timaoneka pansi pa mutu pa Google tikwane m'zilembo pafupifupi 155. Apa pokha ndinapambana, chifukwa mayi a kunyumba ndinawafunsira pa SMS ya zilembo 160 masiku amene uthenga wachiwiri unkadya mayunitsi ena. Munthu amene anakwanitsa chikondi, malonjezo ndi dzina la mpingo wake mu uthenga umodzi sangalephere kufotokoza za chimbudzi chotsekeka.

Ndinkakhala mpaka tambala woyamba kusaka kobiriwira. Ukakonza apa, kumafiira uko. Tsiku lina timagetsi tonse tinabiriwira nthawi imodzi, ndinaimirira n'kukuwa ngati Flames yagoletsa, ana n'kudzuka akulira. Nkhani yake nditaiwerenga m'mawa inali yoti ngakhale ine mwini sindinaimalize. Google payokha siona timagetsi timeneti, ndi ta wolemba basi, koma zimenezi ndinazidziwa mochedwa, nditadya kale nkhuku yachikondwerero.

Matenda obwerezabwereza keyword aja analowa m'nyumba. Pa msonkhano wa banja wokonzekera chinkhoswe cha mlongo wanga anandipempha kuti ndilankhulepo za zopereka. Ndinati: ndalama za chinkhoswe ndi zofunika, chifukwa popanda ndalama za chinkhoswe palibe chinkhoswe, choncho aliyense wofuna kupereka ndalama za chinkhoswe apereke ndalama za chinkhoswe lero. Mayi a kunyumba anandikoka malaya n'kunong'ona, "Bambo, tamva. Khalani pansi, mukutichititsa manyazi." Koma ndikuuzeni, tsiku limenelo ndalama zinasonkhedwa kuposa pa misonkhano yonse ya m'mbuyo. Mwina Panda sinafike ku banja lathu.

Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndinali munthu yekhayo pa mdadada wathu amene ankamwetulira mobisa, poti malipiro anga anali m'madola. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. ChatGPT inali itatuluka chaka chimodzi m'mbuyomo, mu November 2022, ndipo nkhani yake inali itafika kwa mapulambala a ku Leeds. Patangotha sabata kwacha itagwa ndinalandira uthenga waulemu uja wakuti mdzukulu, yemwe uja, wawaonetsa makina olemba za boiler m'masekondi khumi, osapempha adivansi, osadandaula kuti magetsi athima. Patapita miyezi anabweranso kundipempha kuti ndizikonza zolemba za makinawo kuti zizimveka ngati walemba munthu. Ndinayesa. Anaziika m'pulogalamu ina yofufuza, ndipo inanena kuti ndime za makina zikumveka zaumunthu, koma zimene ndinawonjezera ineyo n'zokayikitsa.

Ndiye kunabwera amalume. Ali ndi resitihausi ya zipinda zisanu ndi zitatu ku Salima, chakufupi ndi depoti, ndipo anamva kwa mayi anga kuti mphwawo amayankhula ndi Google. Anafika ndi jumbo la usipa, n'kukhala pa mpando wanga wabwino. "Iwe, ndikufuna ukauze anzakowo kuti andiike pa nambala wani." Ndinayamba kufotokoza kuti sizigulidwa choncho, kuti pamafunika nthawi, malinki, webusayiti yotseguka msanga pa foni. Anandidula. "Wadya nsima yanga zaka zinayi uli ku sekondale. Nambala wani."

Ndinawapangira webusayiti. Nditafufuza mawu a Chingerezi, ndinapeza kuti pageti padzaza kale mahotela a ku Senga Bay ndi mawebusayiti akuluakulu a kunja osungitsirapo malo, anthu a malinki masauzande. Amalume anali ndi linki imodzi, yochokera pa Facebook ya mwana wawo. Pamenepo ndinaganiza mwanzeru, kapena ndinkaona ngati ndi nzeru. Ndinasankha keyword wa Chichewa: "malo ogona otchipa ku Salima pafupi ndi depoti okhala ndi neti". Pulogalamu yowerengera osaka inaonetsa kamzere chabe, kusonyeza kuti nambala yake ndi yochepa moti siwerengeka. Ine ndinamasulira kuti palibe mpikisano.

Patatha masabata atatu amalume anali pa nambala wani. Ndinajambula chithunzi n'kuwatumizira pa WhatsApp. Anachionetsa ku mpingo, ku bawo, ngakhale kwa amfumu. Ananditumizira chambo chouma ndi uthenga wakuti sukulu yanga sinapite pachabe.

Kutha kwa mwezi ndinatsegula Search Console, chida chaulere cha Google chimene chimaonetsa anthu angati adina webusayiti yako. Anali 14. Khumi ndi mmodzi ndinali ine, poyang'ana ngati tidakali pamwamba. Awiri anali amalume. Mmodzi wotsalayo ndimamuganizira mpaka lero, ndipo ndimamupempherera, ngakhale mayi a kunyumba akuti anali iwowo foni yanga itatsala pa tebulo. Tinali pageti ndithu, koma geti la msika umene sunamangidwe.

Chodabwitsa n'chakuti nditapita ku Salima pa Khirisimasi ndinapeza zipinda zonse zodzaza, ine n'kugona pa mphasa m'sitolo. M'mawa ndinakhala pakhonde n'kumaona mmene alendo akufikira. Aliyense ankatsika pa kabaza. Munthu akatsika minibasi n'kufunsa kogona, wa kabaza samupatsa mayankho khumi kuti asankhe, amangoti kwerani, n'kumutula pakhomo pa amalume, kenako n'kuzungulira kuseri kukalandira K1,000 yake. Anyamata anayi, njinga zinayi, opanda laputopu. Amadziwa amene ali ndi ndalama pongoona nsapato, amadziwa amene akufuna chipinda cha kumapeto osafunsa chifukwa. Ndinafunsa mmodzi wa iwo chimene amachita mlendo akatchula resitihausi ina. Anati amamuuza kuti kumeneko kuli nsikidzi. Zimenezi m'ntchito yathu zili ndi dzina lake la Chingerezi ndipo ndi mlandu waukulu, koma Penguin sifika pa depoti ya Salima, kumatentha.

Amalume sakudziwa za anthu 14 aja, ndipo nyuzipepala amangoigwiritsa ntchito kukulungira usipa, choncho musawauze. Iwo amakhulupirira kuti alendo amawatumiza ndi Google, a kabaza amangowanyamula. Mwezi watha anakweza ya kabaza kufika K1,500 pa mlendo aliyense. Ine anandiwonjezera chambo chimodzi, n'kundiuza kuti mlamu wawo wa ku Nkhotakota ali ndi chigayo, nayenso akufuna nambala wani. Keyword wake ndamupeza kale, ali ndi mawu khumi ndi awiri.