Kompyuta Yadwala pa Boma la Rumphi

Mwezi wa Okutobala pa boma la Rumphi fumbi limakhala pa ufulu. Magalimoto ochokera ku Bolero, ku Hewe ndi ku Nyika amabwera nalo, anyamata a kabaza amaliutsa, mphepo n'kuligawa m'mashopu monse mopanda tsankho. Ina mwa mashopuwo ndi ya amama ena, yotayipa makalata ndi kufotokopa, kumene mudzi wonse umakathera: ofuna makhadi a ukwati, ofuna kalata yofunsira ntchito, ndi ena ongofuna mthunzi.

M'shopumo muli kompyuta ya pa desiki yomwe inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa imagwira ntchito mwaulemu. Dzuwa likakwera, fani yake imayamba kulira, zilembo zimachedwa kutuluka, kenaka phi! yazima osatsanzika. Tsiku lina inazima ili pakati pa mayeso a Sitandade 7, aphunzitsi aakulu ali chilili pambali.

Tsono muyenera kudziwa kuti kuno ndi kwa anthu ophunzira. Chikhazikitsireni Robert Laws mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, boma lino latulutsa aphunzitsi, abusa ndi makalaliki osawerengeka. Chomwe silinatulutsebe ndi munthu woti anganene pagulu kuti "sindikudziwa." Kompyuta itangozima, aliyense amene anali pa benchi anasanduka dokotala.

"Ndi vayirasi iyi, amama," anatero aphunzitsi aakulu. "Mafulashi a ana a sukuluwa." Anaiwala kuti fulashi yomwe inali chibayire pa kompyutapo inali yawo.

Wina anati vuto ndi magetsi, ngakhale babu linali kuyaka ndipo makina ofotokopera anali kulira bwinobwino. Dalaivala wa minibasi, yemwe anangobwera kudzatchaja foni, anagwira bokosi la kompyutayo ndi kuseri kwa dzanja n'kugwedeza mutu. Iye anati matendawa amawadziwa: galimoto ikabwata pokwera Chiweta umaima, n'kuthira madzi. Anafunsa ngati pali chigubu pafupi. Chodabwitsa n'chakuti mwa madokotala onsewo iyeyu ndiye anayandikira choonadi, kungoti mankhwala ake akanapha wodwalayo pamodzi ndi womuthirayo.

Mkulu wa mpingo anadikira kuti phokoso lichepe. Kenaka anatsitsa mawu: "Amama, shopu ya tsidya ilo inayamba liti kufotokopa?" Atauzidwa kuti mwezi watha, anangoti, "Hmm. Ine sindinanene kanthu." Ndipo zoonadi sananene kanthu, koma pofika madzulo msika wonse unali utamva.

Palibe amene anayang'ana mmene amama mwini shopu amaisamalira kompyuta yawo. Amaikonda kwambiri. Bokosi lake analiika pansi, n'kulikankhira kukhoma kuti makasitomala asalimenye ndi mapazi. Pamwamba anafunditsa kansalu koluka ndi manja, koyera, kolendewera mbali zonse, n'kusanjikapo mapaketi a mapepala ndi maluwa a pulasitiki. Timabowo tonse tolowera ndi kutulukira mpweya tinatsekedwa ndi chikondi.

Chithandizo choyamba chinali kubwereka fani ya ku saluni n'kuilozetsa pa sikirini, poti ndi pamene pamaoneka matendawo. Chachiwiri chinabwera ndi mphwawo wa amama, yemwe anaphunzirako za makompyuta ku Mzuzu ndipo mankhwala ake ndi amodzi pa nthenda iliyonse: kufomata. Anafomatadi. Makhadi a maukwati a zaka zambiri, ndondomeko za maliro, makalata a mafumu, zonse zinapita. Mawa lake kompyuta inazimanso, koma tsopano ili yoyera m'kati.

Pamapeto pake anaitana kamnyamata kokonza mafoni pafupi ndi depoti, kopanda taye, kopanda chikwama, kongonyamula sikuludiraiva m'thumba la kumbuyo. Kanazula chingwe cha magetsi, kanamasula zomangira ziwiri, n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali. Benchi yonse inaimirira. M'katimo munali fumbi lofiirira lomwe linagwirana mpaka kumasendeka ndi chala, ukonde wa kangaude, ndi nalimata wouma amene anafera pa ntchito. Mkulu wa mpingo ataona nalimatayo anayang'ana amama, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Mnyamatayo anafotokoza mwachidule, poti palibe amamvetsera. Purosesa ndi kachipangizo kakang'ono koma kamatentha kwambiri kakamagwira ntchito. Pamwamba pake pamakhala chitsulo cha mizeremizere, heatsink, chomwe chimayamwa kutenthako, ndipo fani imapemerera mpweya m'mizeremo. Pakati pa ziwirizi amapakapo thermal paste kuti kutentha kuwoloke bwino. Mizere ikadzaza fumbi, phalalo likauma n'kusweka, kutentha kumasowa kolowera. Kukayandikira madigiri 100, purosesa imayamba yadzichepetsera liwiro, zikakanika imazimitsa kompyuta yonse kuti isapse. Kuzimako si kufa ayi, n'kudziteteza.

Anatulutsa bokosilo panja, anagwira fani ndi chala kuti isazungulire, n'kupemerera ndi bulowa. Chifumbi chomwe chinatuluka chinatsokomoletsa ngakhale ogulitsa tomato. Anachotsa heatsink, anapukuta phala lakale ndi kansalu konyowetsa sipiriti, n'kudontheza latsopano pang'ono chabe pakati pa purosesa. Aphunzitsi aakulu anafunsa ngati mankhwala otsukira m'mano sangagwire ntchito yomweyo, poti nawonso ndi oyera. Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti, "Yayi, adada," n'kumanga zinthu zake. Atayatsa n'kulowa mu BIOS, kutentha kunali cha m'ma 40. Fani inangoti ziii.

Mlandu weniweni unayamba pa malipiro. Mnyamatayo atatchula kandalama kake, benchi yonse inakhumudwa. "Zonsezo chifukwa chopemerera fumbi? Fumbi lomweli timasesa tokha m'mawa uliwonse?" Amama anamupatsa theka, n'kumuuza kuti lina adzatenge mwezi ukatha, mawu omwe tonse tikudziwa tanthauzo lake.

Mnyamatayu ntchito amaidziwa, koma anthu a m'tauni sanawaphunzire. Akanafika mochedwa, atapachika chiphaso m'khosi, n'kuusa moyo kuti motherboard yapsa, kuti kompyuta iyenera kupita ku Mzuzu ndipo chipangizo chake n'choitanitsa ku Dar es Salaam, amama akanalipira mosanyinyirika, n'kuwonjezapo ya thiransipoti ndi botolo la Fanta. Aphunzitsi aakulu akanati ankadziwa kale kuti vutolo ndi lalikulu. Matenda otchipa sitimawapatsa ulemu, ndipo wochiza msanga timamuyesa wakuba.

Panopa kompyuta ikugwira ntchito tsiku lonse. Aphunzitsi aakulu akuti vayirasi inachoka pofomata paja, mkulu wa mpingo akuti inachoka ndi nalimata, ndipo a shopu ya tsidya lija sapatsidwanso moni. Amama anachapa kansalu kaja, anakasita, n'kukabwezera pamalo pake, poti bokosi losafunda limachititsa manyazi pamaso pa alendo. Inu amene muli ndi makalata ofuna kutayipitsa, fulumirani mwezi uno.