Ziweto zanga zimalira belu

Anzanga amene tinapuma nawo ntchito akuweta mbuzi, ena anamanga nyumba za lendi. Ine ndimaweta mataipi, makina aja ankasokosa m'maofesi a boma kompyuta isanabwere kudzatilanda ulemu.

Matendawa anandigwira ndili kalaliki wachinyamata. Lero pabalaza pali Olivetti ya ku Italy, pamwamba pa kabati pali Olympia ya ku Germany, ndipo kunsi kwa bedi kwagona Imperial ya ku Leicester, yoti poinyamula uyambe wadya nsima. Imeneyi ndinaiombola kwa mnyamata wogula zitsulo zakutha. Anaiika pasikelo, n'kundiwerengera pa kilo, kenako n'kundiyang'ana mwachisoni.

Mayi akunyumba amafunsa kuti, "Bambo, zitsulo zanuzi zidzayamba liti kuikira mazira?" Ndimawauza kuti Tom Hanks, katswiri wa mafilimu wa ku America, nayenso amatolera mataipi. Amangoti, "Iyeyo ali ndi ngongole ya feteleza?" Pamenepo ndimapita kukathira mafuta ziweto zanga.

Chosowetsa mtendere ndi riboni. Ngakhale kampani ya Godrej ku India, imene inalimbikira nthawi yaitali, inasiya kupanga mataipi mu 2009. Ndikafunsa riboni m'sitolo, atsikana amandilozera kwa atelala. Ndiye ndimangonyowetsa yakale ndi inki ya chidindo, zala n'kukhala ngati ndavota m'malo mwa mudzi wonse.

Mdzukulu wanga ndinayesa kumulowetsa m'gulu. Ndinamuonetsa kuti zilembo za pafoni yake, zoyamba ndi QWERTY zija, zinandandalikidwa motsatira makina amene Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Iye anafufuza nambala 1 n'kuisowa, poti mataipi ambiri akale analibe. Tinkangomenya l wamng'ono, basi. Atalakwitsa anafunsa pofufutira. Ndinamupatsa labala.

"Agogo, nanga tchaja timalowetsa pati?"

Apa ndiye ndinakweza mapewa. Taipi siidikira magetsi. Akazima, ine ndimayatsa kandulo n'kumenya kha-kha-kha mpaka belu litalira, aneba n'kumati mdala uja wayamba kukhoma zidebe usiku.

Nkhani inoyi ndinafuna kuitayipa ndekha pa Olympia, koma chilembo cha a chinakakamira. Tayesani kulemba Chichewa popanda a. Wandilembera pafoni ndi mdzukulu yemwe uja, ndipo akuti ndimugulire mayunitsi.